Highland Park 18: zolemba za botolo limodzi, kuchokera pakhosi kufika theka

Botolo lake ndi la wisiki wa ku Scotland, Highland Park ya zaka 18, mphamvu 43%, 700 ml. Muyezo uliwonse ndi 25 ml, ndiye kuti botolo lonse limatulutsa miyezo 28. Galasi ndi la Glencairn, lija lotupa kumimba koma lopapatiza kukamwa. Tambula yotakata imabalalitsa fungo musanalimve n'komwe.

Tsiku lotsegula. Muyezo woyamba ndi wamanyazi. Mukangothira n'kuika mphuno, chokulandirani ndi ukali wa mowa basi, ndipo ambiri amagamula pomwepo kuti anaononga ndalama. Lisiyeni galasilo kwa mphindi 15 kapena 20. Nunkhizani kukamwa kwanu kuli yasa pang'ono, mphuno isalowe mpaka mkati. Pamenepo uchi umabwera, kenako khungu la lalanje ndi mphesa zouma. Utsi sumveka kwenikweni m'mphuno. Umadzatulukira mukameza, kukhosi, patapita kamphindi, ngati fungo la chitsa chomwe chinazima dzulo koma phulusa likadali lofunda.

Utsiwu umachokera ku chimera. Ku Kirkwall, pa zilumba za Orkney kumpoto kwa Scotland, opanga wisikiyu gawo lina la balere amalimeretsa okha pansi, n'kumalitembenuza ndi fosholo, monga amachitira amayi ndi chimera cha thobwa kungoti uku n'kochuluka. Poumitsa amasonkha peat, dothi lakuda la zomera zowolerana m'dambo, lomwe amakumba ku Hobbister Moor. Ku Orkney mitengo ndi yosowa chifukwa cha mphepo, choncho peat wake ndi wa kachitsamba kotchedwa heather. N'chifukwa chake utsi wake ndi wofewa, wokhala ngati wa maluwa, wosiyana ndi Laphroaig, wisiki wa pa chilumba cha Islay, yomwe imanunkha ngati mankhwala a pachilonda. Chimera chofukizidwachi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, chotsalacho n'chopanda utsi. Onjezanipo zaka 18 m'migolo ya matabwa a oak yomwe munakhalapo vinyo wa sherry: utsi umanka nuzilala chaka ndi chaka pamene kakomedwe ka thabwa kakulowerera. Mowa wokwana pafupifupi 2% umauluka mu mgolo chaka chilichonse, moti pofika zaka 18 pafupifupi gawo limodzi mwa atatu limakhala litatha. Mtengo wa botolo umayambira pamenepo. Ndipo 18 ija ndi msinkhu wa wisiki wamng'ono kwambiri amene ali m'botolomo, osati wamkulu.

Sabata yachiwiri, nkhani ya madzi. Magalasi atatu, lililonse 25 ml. Loyamba lopanda madzi. Lachiwiri madontho asanu ogwetsa ndi nsonga ya sipuni. Lachitatu sipuni yaing'ono yodzaza, 5 ml, yomwe imatsitsa mphamvu kufika pafupifupi 36%. Lachiwiri ndilo linapambana: zipatso zinatseguka, utsi unabwera msanga ndipo unakhalitsa. Lachitatu linasukuluka, kukoma kwa uchi kunatsala koma msana unathyoka. Wisiki wa 43% anathiridwa kale madzi asanalowe m'botolo, choncho malo owonjezera ndi ochepa. Langizo lothira madzi ambiri limayenera mabotolo a 55% kupita m'mwamba, osati ili.

Madzi akhale a m'botolo, osazizira. A pampopi amabwera ndi fungo la kolorini, ndipo a pamjigo ena amakhala ndi kamchere kamene kamamveka pomeza.

Sabata yachinayi, zosokoneza. Ayisi ndiye mdani wamkulu. Kuzizira kumatsekera fungo, ndipo akasungunuka mwathira madzi oposa aja a galasi lachitatu. Kukatentha ngati mu Okutobala, ndi bwino kuika galasi lopanda kanthu mu firiji kwa mphindi zisanu kusiyana n'kuponyamo ayisi. Chachiwiri ndi sopo: galasi losatsukuluzidwa bwino limapereka kafungo ka maluwa kabodza, mpaka mungalembe kuti ndi heather. Tsukuluzani ndi madzi otentha, liume lokha. Chachitatu ndi lilime. Mukadya ndiwo za kambuzi kapena kumwa khofi, dikirani ola lathunthu, apo ayi utsi wofatsawu simuupeza. Mtedza wokazinga wopanda mchere suvuta.

Osapukusa galasi mwamphamvu ngati vinyo, zimangodzutsa ukali. Kulipendeketsa n'kulizunguza pang'onopang'ono n'kokwanira.

Sabata yachisanu ndi chitatu, botolo lili theka. Apa ndiye pakoma kuposa tsiku loyamba: ukali watsika, sherry yamveka bwino, kwabweranso kakomedwe ka chokoleti chakuda. Koma mpweya wa m'botolo ukuchuluka, ndipo mu wisiki wotere utsi ndiwo umayamba kuthawa. Likatsikira pa gawo limodzi mwa atatu, tsanulirani m'kabotolo kagalasi koyera ka 200 ml, kadzaze mpaka pakhosi. Botolo liziima chilili, osaligoneka ngati vinyo, chifukwa mowa wamphamvu chonchi umadya chotsekera mpaka chimafumbutuka potsegula. Likhale m'kabati yamdima, kutali ndi zenera komanso khoma lowombedwa ndi dzuwa lamasana.

Chotsatira ndi kuliika pambali pa wisiki wina, Talisker 18 ya ku Carbost, pa chilumba cha Skye, ya 45.8%. Poyerekeza, yambani ndi Highland Park, chifukwa tsabola wa Talisker akakhala pa lilime sachoka msanga.