Zokongoletsa za foam: guluu woyera uja musamuyerekeze

Dzina la mwana wanga lili pachitseko cha chipinda chake tsopano, nyenyezi ndi maluwa zapita kale ku locker (kabati yosungiramo zinthu zake) ya kusukulu, koma guluu anandidyera Loweruka lathunthu ndipo mtima sunatsikebe.

Foam yake ndi ija ya EVA, yobwera ngati mapepala amitundumitundu, yochindikala mamilimita 2. Kudula sikovuta bola sizasi ikhale yakuthwa. Yobuntha imatafuna m'mphepete, chilembo n'kumaoneka ngati chadyedwa ndi khoswe. Zilembozo muzijambule kumbuyo, mozitembenuza, chifukwa inki ya bolopeni sichoka pa foam, mukati muipukute imangofalikira. Apo ayi kandani mzere ndi kamtengo kotokosera m'mano, kamasiya kanjira kooneka bwinobwino.

Tsono guluu uja. Pabotolo analemba kuti amamata chilichonse. Bodza lenileni! Guluu woyera wa PVA amagwira madzi ake akauma kapena akamwerera m'chinthucho, monga pepala kapena thabwa. Foam ya EVA simwa madzi, timabowo take n'totseka. Ndiye mukaphatikiza zidutswa ziwiri, guluuyo amangokhala pakatipo wamadzimadzi, mphepo sikumufika. Ndinatsindika ndi mabuku, ndinadikira mpaka dzuwa kulowa. Ndikuti ndinyamule, chilembo choyamba chija terere, masamba a duwa kuyoyoka limodzilimodzi, zala zonse zomatamata, mwana ali pambali misozi ili lengelenge. Ndinapukuta kachidutswa kalikonse ndi kansanza konyowa, n'kuyanikanso, n'kuyambira poyambirira. Amene analemba mawu a pabotolo uja sanagwirepo foam chibadwire, ndikulumbira.

Super glue amagwira, inde, koma pamalopo pamauma gwa ndipo amasiya zoyera m'mbali. Chimene chinandipulumutsa ndi glue gun (chipangizo chomatira ndi guluu wosungunuka), ija yosatentha kwambiri. Yotentha kwambiri imakwinyitsa foam yopyapyala, ikakugwerani pachala ndiye thuza pompo. Kadontho kamodzi, panikizani pang'ono, basi zagwira. Tiulusi ta guluu totsalira muzule tikazizira.

Ndisanaiwale, za locker. Musanadule n'komwe, mupatseni mwana maginito akayese pachitseko chake. Ma locker ambiri ndi achitsulo, koma ena ndi apulasitiki kapena amatabwa, maginito sagwira. Afunsenso malamulo, chifukwa kusukulu kwa wangayu anadzatiuza zinthu zitatha kale kuti kunja kwa locker sikuloledwa chomata chilichonse, zonse zikhale mkati. Tepi ya maginito ija yodula ndi sizasi ndi yofooka, chitseko chikangomenyetsedwa nyenyezi zimatsetserekera pansi. Timaginito tozungulira ndiye timagwira. Koma ta neodymium, tamphamvu kwambiri tija, samalani nato ngati m'nyumba muli kamwana: kakameza tiwiri timakokana m'matumbo mpaka kuboola. Ine ndinatikwirira ndi kachidutswa ka foam kumbuyo, kopyapyala, ndipo tikugwirabe. Timipata tolowera mphepo pachitseko cha locker musatitseke, mumakhala nsapato zamasewera mmenemo.

Maluwa ndiye anandibwezera chimwemwe. Tsamba la foam mukaligunditsa kusimbi yofunda kwa kanthawi kochepa limafewa n'kuyamba kupindika lokha. Likanali lofunda likanikizireni m'supuni ndi chala chachikulu, likazizira limakhala momwemo, lokumbika ngati duwa lenileni. Foam yonyezimira igunditseni mbali yosalalayo. Imeneyinso ili ndi kavuto kake: mukamata pamwamba pa tonyezimirato, guluu amagwira tomweto osati foam, mawa lake chathothoka. Palani kaye ndi nsonga ya sizasi pamene mukufuna kumatapo.

Chitseko cha kuchipinda sindinachimate kalikonse. Tepi yomata mbali zonse ija imachoka ndi penti, ndipo ana sachedwa kutopa ndi mtundu umene anaulirira dzulo. Zilembo ndinazimata pakatoni yokutidwa ndi foam, ndinaboola timabowo tiwiri, riboni, n'kupachika pakokolowekera kapamwamba pachitseko. Kumbuyo kwa katoniyo ndinaikako tizidutswa ta foam m'makona kuti isamagogode potseka.

Pomata riboniyo napo musabwerere kwa guluu woyera uja, ngakhale botolo likulonjezeni zotani. Mangani mfundo kuseri kwa timabowoto, n'kudonthezerapo wa glue gun kuti isamasuke.