Zikomo nonse amene munatithandiza kudwazika amayi

Zotsatira za kulabotale zatuluka, ndipo adokotala atiuza kuti kachilombo kamene kanawapatsa amayi anga chilonda cha m'mimba katheratu. Amayi akudya bwino, akugona mpaka kucha, ndipo mphamvu zikubwerera. Ndikuthokoza Mulungu. Koma pali anthu angapo amene ndikufuna kuwathokoza poyera, chifukwa zimene anachita zikhoza kupulumutsanso mayi wa munthu wina.

Adokotala, inu amene munawalandira amayi tsiku limene anagwa ndi chizungulire, zikomo chifukwa simunathamangire kulemba mankhwala. Amayi anali atakhala nthawi yaitali akumva kuwotcha pamwamba pa mchombo, makamaka usiku ndiponso njala ikawagwira, ndipo akadya ululu unkayamba walekeza. Aliyense wowaona ankangoti ndi asidi. Inu munakhala pansi n'kuwafunsa kuti chimbudzi chawo chikuoneka bwanji. Kumufunsa munthu wamkulu zimenezi mwana wake ali pomwepo si chapafupi, koma munafunsa mwaulemu moti amayi anamasuka n'kunena kuti chikumatuluka chakuda bii ngati phula, chonunkha mwachilendo. Munatifotokozera kuti magazi akamakha m'chifu, pofika kunja amakhala atadutsa m'matumbo onse ndipo amakhala atada. N'chifukwa chake munthu akhoza kumataya magazi kwa masiku ambiri osaona chofiira chilichonse.

Kenako munafunsa za mankhwala amene ankamwa. Amayi amavutika mawondo, choncho ankamwa diclofenac, tsiku lina ibuprofen. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi aspirin, amachepetsadi ululu, koma amafooketsa chitetezo cha khoma la m'kati mwa chifu, ndiye asidi amayamba kulidya. Mafunso awiri amenewo ndi amene anatsegula njira ya chithandizo chonse.

Atawayeza anapeza kuti magazi achepa kwambiri, ndipo anawathira magazi usiku womwewo. Inu amene mumapereka magazi kwaulere, sindikukudziwani, koma amayi akuyenda lero ndi magazi anu.

Anamwino a m'chipinda chounikira m'mimba, amayi akukutchulanibe mpaka lero. Ankaopa kwambiri atamva kuti awalowetsa kapaipi kukhosi. Munawafotokozera chimodzichimodzi: kuti asadye kanthu kwa maola osachepera 6 kuti chifu chikhale chopanda kanthu, kuti awapopera mankhwala a dzanzi kukhosi, kuti kapaipiko ndi kofewa ndipo kali ndi kakamera kumapeto, komanso kuti kamadutsa njira ya chakudya, sikatseka njira ya mpweya. Munawagwira dzanja mpaka zonse zinatha. Chilondacho chinapezeka pamene chifu chimathera n'kuyambira matumbo aang'ono, malo amene madokotala amawatcha duodenum. Anatenganso tinyama ting'onoting'ono pa khoma la chifu kukayeza, ndipo m'menemo anapezamo bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori.

Pamenepa ndithokozeko anthu awiri amene sanamvepo za amayi anga. Barry Marshall ndi Robin Warren, madokotala a mumzinda wa Perth ku Australia, ndi amene anazindikira mu 1982 kuti kachilomboka kamayambitsa zilonda za m'mimba. Pa nthawiyo anzawo ambiri ankati zilondazi zimabwera ndi nkhawa komanso asidi wochuluka, ndipo sankakhulupirira kuti bakiteriya angakhale moyo m'chifu. Mu 1984 Marshall anachita kumwa madzi okhala ndi tizilomboti kuti aonetse poyera, ndipo patangopita masiku ochepa chifu chake chinatupa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka kamabisala m'zonanda zimene zimakuta khoma la chifu, ndipo kamachepetsa mphamvu ya asidi pamalo pamene kali kuti kasafe. Anthu pafupifupi theka padziko lonse ali nako, ambiri anakatenga ali ana, ndipo ochuluka sadwala n'komwe. Koma kwa amayi kanakumana ndi mankhwala a mawondo aja. Ndikaganiza kuti kale anthu ankachitidwa opaleshoni yodula mbali ya chifu chifukwa cha matenda omwewa, pomwe amayi achira ndi mapiritsi, mtima wanga umadzaza.

Mapiritsiwo sanali masewera. Kwa masiku 14 ankamwa omeprazole wochepetsa asidi pamodzi ndi maantibayotiki awiri, amoxicillin ndi clarithromycin, m'mawa ndi madzulo. M'kamwa munkawawa, m'mimba munkatseguka, ndipo ululu utangotha amayi anayamba kunena kuti achira, palibenso chifukwa chovutikira. Achimwene, inu ndi alamu munkaimba foni m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse, ndipo simunkadula foni amayi asanameze mankhwala. Zikomo kwambiri. Bambo wina wa ku famase anatichenjeza kuti munthu akasiyira panjira, tizilombo totsalato timatha kupima moti mankhwala omwewo sagwiranso ntchito. Anatiuzanso kuti mapiritsi owonjezera magazi nawo amadetsa chimbudzi, tisadzidzimuke, koma chikakhala chomata, chonunkha kwambiri, amayi n'kumamva chizungulire, tithamangire kuchipatala.

Chimene ndachiyamikira kwambiri n'chakuti adokotala anakana kungokhulupirira kuti poti ululu watha ndiye kuti matenda atha. Anatiuza kuti tidikire masabata osachepera 4 kuchokera tsiku lomaliza la maantibayotiki, amayi asiye kaye omeprazole kwa masabata 2, ndiyeno chimbudzi chikayezedwe. Mukayeza msanga, kapena munthu akumwabe mankhwala a asidi, zotsatira zimatha kuonetsa ngati kachilombo kulibe pomwe kalipo. Kudikirako kunali kotopetsa, koma lero tikudziwa motsimikiza.

Abale, anansi ndi anzanga amene munabwera kudzazonda, amene munatipempherera, amene munagona kuchipatala kuti ine ndikapumuleko, Mulungu akudalitseni. Ambiri munkabweretsa mkaka mwachikondi. Adokotala anatiuza kuti mkaka umaziziritsa ululu kwa kanthawi kochepa, kenako chifu chimatulutsanso asidi, ndipo chilondacho sichipola nawo. Ndikukupemphani ndi mtima wonse: ngati inu kapena kholo lanu mukuona chimbudzi chakuda, mukusanza magazi, mukuwonda popanda chifukwa, kapena chakudya chikuvuta kumeza, pitani kuchipatala msanga, ndipo mukanene zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Munyamulenso mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa kuti adokotala akawaone.

Za mawondo, amayi tsopano akumwa paracetamol, ndipo diclofenac ndi ibuprofen awaletsa. Mwezi wamawa abwereranso kukayezetsa magazi kuti aone ngati akwera mokwanira. Andituma kuti ndikuuzeni nonse kuti akuthokoza kwambiri.