Zikomo nonse: chotupa chija sichinali khansa

Ndalemba mawu awa pofuna kuthokoza onse amene munandigwira mkono kuyambira pamene mimba yanga inayamba kutupa, komanso kulongosola chimene ndinkadwala, popeza ambiri munamva kuti ndili ndi khansa, ndipo ena munkabwera kudzandiona ndi nkhope za anthu otsanzika.

Madokotala sanalakwe poganizira khansa. Sikani inaonetsa chotupa chachikulu pa chiberekero, madzi anadzaza m'mimba ndi m'chifuwa moti ndinkabanika ngakhale posesa pabwalo, ndipo mlingo wa CA-125 (chizindikiro chimene madokotala amapima akamakayikira khansa) m'magazi, umene mwa munthu wabwinobwino nthawi zambiri supitirira 35, unali utakwera kwambiri. Zinthu zitatuzi zikakumana mwa mayi mmodzi, dokotala aliyense amayamba waopa khansa yofalikira. Atachotsa chiberekero n'kupima minofu ya chotupacho pa maikulosikopu, anapeza kuti chinali fibroid, chotupa chopanda khansa chimene amayi ambiri amakhala nacho, kungoti changa chinachititsa vuto losowa lotchedwa pseudo-Meigs. Dzinali limachokera kwa Joe Vincent Meigs, dokotala wa ku America amene mu 1937 anafotokoza za zotupa zopanda khansa za m'chiwalo chopanga mazira zimene zimadzaza madzi m'mimba ndi m'chifuwa; mawu akuti "pseudo" akusonyeza kuti vuto langa linangofanana ndi limenelo, popeza chotupa changa chinali pa chiberekero. Chotupa chikachotsedwa madziwo amatha okha, ndipo anga anathadi popanda mankhwala a khansa.

Ndikuthokoza madokotala amene anandichita opaleshoni ndi anamwino a mu wodi ya amayi, koma mtima wanga ukupita makamaka kwa katswiri wa ku labotale amene sindinamuonepo nkhope, amene anaunika kachidutswa ka thupi langa modekha n'kulemba zoona. Masabata amene ndinadikira lipoti lake anali olemera kuposa bala la opaleshoni.

Achemwali anga, munagona pansi m'khonde la chipatala ngati gadiyani wanga, mukuphika phala limene ndinkalikana. Pepani, ndipo Mulungu akubwezereni. Bambo a kunyumba, munasenza nokha ana ndi munda osadandaula. Amayi a Mvano, zikomo chifukwa cha mapemphero, ufa ndi sopo. Kwa inu amene munapereka magazi osadziwa wodzawalandira, ena mwa magaziwo ali mwa ine.

Amene munasonkha ndalama za ulendo wokalandira mankhwala a khansa, zimene zatsala zili kwa msungichuma wa mpingo, ndipo ndapempha kuti zithandize mayi wina wa mu wodi yathu ija amene zotsatira zake sizinatuluke ngati zanga.