Chilombo cha m'chaputala 41 cha Yobu

Mwezi uno m'kalasi yathu ya Baibulo ku Kawale tili pa buku la Yobu, ndipo abusa anatipatsa ntchito yofufuza malo onse amene Leviyatani, chilombo cha m'madzi, akutchulidwa. Si ambiri: Yobu 3:8, Yobu 41, Salimo 74:14, Salimo 104:26 ndi Yesaya 27:1. Ndikaganiza momwe dzinali limamvekera pa mapemphero a usiku wonse muno mu Lilongwe, munthu angayese lili pa tsamba lililonse.

Yobu 41 ndiye akuchifotokoza mwatsatanetsatane. Mbedza siichikola, mkondo suchilasa, mamba ake ndi othithikana moti ngakhale mpweya sudutsa, ndipo chitsulo chimachiona ngati udzu. Bambo wina wa m'kalasi mwathu, kwawo ku Nsanje, anati imeneyi ndi ng'ona, palibenso zokambirana. Akatswiri ena amaganizadi choncho. Koma ng'ona ya mu Shire silavula moto, ndipo Salimo 74 ikukamba za mitu yambiri, osati umodzi.

Chimene chinanditsegula maso ndi nkhani ya ku Ugarit, mzinda wakale wa m'mphepete mwa nyanja ku Syria. Kuyambira mu 1929 anthu ofukula zakale anapeza kumeneko mapale adothi olembedwa nthano za milungu ya Akanani. M'nthanozo muli chinjoka cha m'nyanja, Lotan, cha mitu isanu ndi iwiri, chimene mulungu wawo Baala anachigonjetsa. Amachitcha njoka yothawa, njoka yopindikapindika, monganso Yesaya 27:1 akutchulira Leviyatani. Ndiye kuti Aisraeli ankachidziwa kale chilombochi kuchokera kwa anansi awo, ngati mmene ife timadziwira Napolo. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe mu 1991, anthu anati wadutsa Napolo, ndipo aliyense anamva kuti akunena mphamvu yoononga imene munthu sangaiimitse. Kwa Aisraeli, amene sanali anthu okonda za panyanja, mphamvu yotereyi inkakhala m'madzi akuya.

Olemba Baibulo anatenga chithunzichi n'kuchigwiritsa ntchito mosiyanasiyana. Salimo 74 ndi kulira kwa anthu amene kachisi wawo watenthedwa, ndipo ambiri amati ikunena za Ababulo amene anaononga Yerusalemu cha m'ma 586 Yesu asanabadwe. Wolembayo akukumbutsa Mulungu kuti munaphwanya kale mitu ya Leviyatani, bwanji lero mwangokhala chete? Apa chilombo chikuimira maufumu ozunza. Ezekieli 29:3 nayenso akutcha Farao chinjoka chogona mu Nile, ndipo Chivumbulutso 13 chikuonetsa chilombo cha mitu isanu ndi iwiri chikutuluka m'nyanja.

Koma Salimo 104:26 inandiseketsa. Zombo zikuyenda panyanja, Leviyatani ali pompo, ndipo akuti Mulungu anamulenga kuti azisewera m'madzimo. Kusewera! Chinthu chimene mulungu wa Akanani analimbana nacho pa nkhondo yoopsa, apa ndi cholengedwa wamba, chimodzi mwa zinsomba zikuluzikulu zimene Genesis 1:21 akuti zinalengedwa tsiku lachisanu.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi alaliki ena amene matenda aliwonse, ulova ndi kutha kwa banja amazikankhira kwa "mzimu wa Leviyatani", mpaka anthu kubwerera kwawo ali ndi mantha oposa amene anabwera nawo. Sindikukana kuti mpingo kuyambira kale wakhala ukuona Satana m'chilombochi. Papa Gregory Wamkulu, amene anamwalira mu 604, anamasulira Yobu 41 motero, kuti Khristu ndiye mbedza imene inachikola. Komabe ngakhale kwa iye nkhani inali ya kugonja kwa chilombocho. Palibe vesi imene ikuchiika pa mlingo umodzi ndi Mulungu, ndipo Yesaya akuti tsiku lochilanga ndi lupanga linaikidwa kale.

Chondivutabe ndi Yobu mwini wake. Munthu waika maliro a ana khumi, thupi lonse zilonda, akufunsa kuti ndalakwanji. Mulungu pomuyankha sakutchula n'komwe zimene anakambirana ndi Satana m'chaputala 1 ndi 2. Akumuonetsa Behemoti, chilombo china champhamvu, kenako Leviyatani, ndipo sakulonjeza kuti achipha. Akuchita kuchiyamikira, mano ake, mphamvu za khosi lake, kanjira koyera kamene chimasiya pamadzi chikadutsa. Mayi wina m'kalasi anati kuyankha wofedwa chonchi n'kuuma mtima. Ine ndikuona kuti Yobu akuuzidwa zoona zimene anzake atatu anakana kumuuza: m'dziko muli zinthu zoopsa zimene sizibwera chifukwa cha tchimo la munthu, ndipo munthu sangaziweta, ngakhale zili pansi pa Mlengi. Anzake atatuwo, Elifazi ndi ena awiri, ankafuna tsoka lililonse likhale ndi wolakwa. Pa Yobu 42:7 Mulungu akukwiyira iwowo, n'kunena kuti Yobu, wodandaula uja, ndiye ananena zolondola za Iye.