Tafika ku Mulanje: zikomo nonse amene munandigwirirako mwana

Ndikulemba ndili pamkeka pakhonde la amayi. Chiperoni chikuwaza, phiri labisala m'nkhungu, ndipo kamnyamata kanga kali pabwalo kakuthamangitsa anapiye, anganga ake ali pambuyo ndi kajuzi m'manja. Lero ndi tsiku lachisanu chifikireni, ndipo ndi lero pomwe mutu wabwerera m'malo. Amene munanditumizira mauthenga pa WhatsApp ine osayankha, pepani, sikunyada. Ndimangogona ngati wamalungo.

Kwathu kuno ndinachoka mu 2019. Namondwe wa Freddy atagwetsa khitchini ya amayi mu Marichi 2023, ndinali woyembekezera ku England, ndipo chomwe ndinatha ndi kulira pafoni ndi kutumiza ya malata. Mwana anabadwa mu Seputembala chaka chomwecho. Chibadwireni, anganga ake amangomuona pa video, netiweki ikudukaduka. Ndiye chaka chino ine ndi bambo ake tinati zivute zitani, mwana akaponde kwawo.

Tinasankha Juni chifukwa cha ndalama, ndisaname. Mwana wosakwana zaka ziwiri amaloledwa kukwera ndege ali pamiyendo pa kholo, ndipo mumangolipira kagawo kochepa ka mtengo wa tikiti. Akangokwanitsa ziwiri, mpando wakewake. Ndinadziona wochenjera. Zoti mwana wa miyezi 21 ndi wolemera makilogalamu 12, ndipo timabedi ta makanda tomwe amakoleka pakhoma la ndege sakwanamonso, ndinazizindikira ndi msana wanga pakati pa usiku. Ndalama yomwe ndinapulumutsa ija ndinaibweza yonse ndi thupi.

Zikomo yoyamba ipite kwa bambo a mwana, amene ntchito inawakaniza kubwera. Anathamanga ndi pasipoti ya mwana, analemba kalata yovomereza kuti ndikuyenda naye ndekha, anatiperekeza mpaka pa Heathrow, kenako n'kutembenuka msanga kuti tisaone misozi. Tinaiona, bambo.

Yachiwiri ndi ya amayi. Kutatsala sabata anandiimbira n'kunena kuti, "Utenge zitenje ziwiri m'chikwama cha m'manja, osati musutikesi." Ndinaseka. Ndinali nditagula tabuleti yodzaza makatuni, timabuku, tizidole tatsopano, ndi pram yopinda. Ndinaziponyamo zitenjezo pongofuna kuti asadandaule. Amayi, pamaso pa anthu onsewa ndikuti munanena zoona.

Pachipikisheni panalibe vuto. Mkaka ndi chakudya cha mwana ankalola ngakhale zipitirire malire a mamililita 100 omwe ankaika pa zamadzimadzi, bola uzitulutse aziyeze. Ndege inanyamuka usiku, mwana anagona tisanathe n'kukwera komwe, ine n'kumati basi zatheka. Patatha maola atatu anadzuka, n'kupeza mdima, phokoso la injini ndi anthu osawadziwa mbali zonse. Anakuwa. Tabuleti anaikankha, bere anakana, chidole anachiponya chinakagwera munthu wa kutsogolo. Juwisi anatayikira pa thalauza la mnyamata amene ndinayandikana naye. Bambo wina kumbuyo anatsonya mokweza, ndipo sindikuwada, nawonso tikiti anagula. Kuchoka ku London kufika ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi 8, ndipo ife tinali tisanafike ndi theka lomwe. Ndinaima pakanjira kaja ndikumugwedeza, misozi ili m'maso, ndikungoti, "Tonthola mwanawe, ukundichititsa manyazi."

Ndiye ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Amai, bweretsani kuno mwana uyo."

Anali mayi wachikulire, wa bulauzi yobiriwira, wa ku Chipata. Anati anamva Chinyanja m'tulo n'kuganiza kuti akulota. Sanafunse zambiri, anangoti, "Chitenje muli nacho?" Ndinachisolola pansi pa matewera. Anawerama pakanjira kopanikiza kaja, anamuponya mwana kumsana kamodzi n'kamodzi, anamanga mfundo pachifuwa, n'kupita naye kumbuyo komwe amakonzera zakudya. Kumeneko anayamba kudendekera uku ndi uku, dzanja likusisita kumatako kwa mwana, akung'ung'udza kanyimbo chapansipansi. Sipanathe mphindi khumi, mutu wa mwana unali utagwera paphewa lawo. Nditapita kuti ndimutenge anandibweza ndi maso. "Kagoneni. Mawa muli ndi ulendo wina." Ndinagona ola limodzi ndi theka, tulo tomwe sindidzatiiwala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe timangonena pakamwa, ine ndinazionera m'mwamba, pamsana pa munthu amene ngakhale dzina sindinamufunse. Pa Addis Ababa anathamangira ndege ya ku Lusaka, ine ndikulimbana ndi zikwama, ndipo nditatukula mutu anali atalowa m'chigulu cha anthu.

Mnyamata wa thalauza uja nayenso zikomo. Ndikupepesa anangoseka n'kunena kuti kwawo ndi woyamba kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi, zoterezi anazizolowera. Chakudya chitabwera anandigwirira thireyi kuti ndidye ndi dzanja limodzi.

Mnzanga nesi wa ku Leicester, iwe unandipulumutsa pa nkhani ya makutu. Ndimafuna kumuletsa kuyamwa ulendo usanafike, iwe n'kuti ndidikire ndibwereko kaye. Unandifotokozera kuti m'ndege mpweya umakhala wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri lathuli, chakuma 2,000 mita, ku Lichenya kuja, ngakhale ndegeyo ili kutali kuposa Sapitwa. Ikamatsika mpweya umayamba kukanikiza nembanemba ya m'khutu, ndipo kanjira kochoka kukhutu kupita kummero n'kakang'ono mwa ana, sikatseguka msanga. Chomwe chimakatsegula ndi kumeza. Choncho ndinamusunga ndi kaludzu pang'ono mpaka woyendetsa atalengeza kuti tayamba kutsika, ndiye n'kumupatsa bere. Ana ena awiri amalira mpaka tinatera, wanga amangondiyang'ana akumeza.

Mtsikana wogwira ntchito m'ndege amene anandiuza kuti ndimumasule mwana pachitenje potera, n'kumumanga ndi kalamba kakang'ono kolumikiza ku lamba wanga, ndinakuyang'ana moipa nthawi ija. Unali pa ntchito yako ndipo unkanena zoona. Madzi otentha a phala unandibweretsera kawiri konse osanyinyirika.

Pa Bole, bwalo la ndege la ku Addis Ababa, m'pomwe chitenje chachiwiri chinagwira ntchito. Addis Ababa ili pamtunda wopitirira mamita 2,300, ndipo m'mawa umenewo kunkazizira ngati ku Thyolo mwezi uno. Pram ija ndinali nditailola kuti ipite ndi masutikesi mpaka ku Blantyre, kusafunsa kwanga, ndiye mwana anali kumsana. Tili pamzere, ndinangomva kutentha m'chiuno. Thewera linali litalephera. Zovala zosinthira za mwana ndinatenga zitatu, zanga ngakhale chimodzi. Ndinatuluka m'chimbudzi cha pabwalo la ndege nditamanga chitenje ngati ndikupita kumaliro, siketi ili m'jumbo. Amayi inu amene mukukonza ulendo wotere, tengani chovala chanunso, ndapota nanu.

Ndege ya ku Blantyre, maola anayi aja, inali ngati minibasi ya ku Limbe. Chichewa mbali zonse. Mwana anayenda m'manja mwa anthu, kwa abusa ena ochokera kumsonkhano, kwa asisi awiri ochokera kooda katundu, mpaka ndinachita kufunsa kuti ali mpando uti. Nonsenu Mulungu akudalitseni.

Achimwene, munadikira pa Chileka maola awiri ndi galimoto yobwereka, mutafunafuna mpaka kampando ka mwana kwa anzanu akuntchito chifukwa ndinakuvutitsani nako pafoni. Ndinakupemphani kuti tisadzere ku Midima koma ku Thyolo, ngakhale n'kozungulira, ndipo simunatsutse. Tinaima pa Bvumbwe kugula masamba ndi mbatata. Minda ya tiyi itayamba ndinamudzutsa mwana kuti aone, iye anangoyang'ana kamodzi n'kugonanso. Amene amalira ndinali ine. Titadutsa Luchenza, phiri linatulukira lonse, ndipo achimwene anangozimitsa wailesi osanena kanthu.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amayi a Mvano anzawo a amayi anali atadzaza pabwalo, nthungululu mpaka kutsidya. Mwana anachita mantha, anabisa nkhope m'khosi mwanga, ndipo anganga ake atatambasula manja anakana. Ndinaona nkhope ya amayi ikugwa. Kenako anagwada pansi, mawondo ovuta aja, n'kumuitana ndi dzina lachibwana lomwe amamutchula pa video, n'kuti, "Iwe, ndine amene ndimakhala mufoni muja." Anasuzumira. Anayang'ana foni yomwe inali m'manja mwanga, anayang'ananso amayi. Anatsika yekha.

Alamu anga, zikomo pokonza chipinda ndi kupachika neti yatsopano. Mwana wobadwira kunja thupi lake silinakumanepo ndi malungo, ndiye ngakhale kukuzizira ndipo akumwa mankhwala oteteza omwe tinapatsidwa tisananyamuke, ikangokwana 5 koloko mumakhala mwamuveka kale zamikono itali. Za tulo musadere nkhawa. Nthawi ya kuno ndi ya ku England zikusiyana ndi ola limodzi lokha miyezi ino, koma uko mu Juni dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, pomwe kuno 6 koloko kwada kale. Akangoona mdima akumagona yekha, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire.

Tibwerera mu Ogasiti, tsiku lake lobadwa lisanakwane, pamiyendo pomwepo. Amayi ayamba kale kunena kuti ulendo uno zitenje zikhale zitatu.

Pempho langa ndi limodzi, makamaka kwa inu a ku Zambia amene muli pano. Ngati alipo wa ku Chipata amene amayi ake kapena azakhali ake anafika kuchokera ku London sabata yathayi, bulauzi yobiriwira ili ndi banga la dovu ndi phala paphewa lamanzere, muwauze kuti mwana uja anafika bwino. Dzulo wadya nsima ya therere ndi manja ake, ndipo akukana kutsika kumsana kwa anganga ake.