Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Chaka chimene amayi anadwala khate

Mu 1985 ndinali mu Sitandade 4, tikukhala kumudzi kwathu ku Phalombe. Tsiku lina amayi anaphula mphika wa nyemba ndi manja, osagwirira kansanza, koma sanakuwe. Ndine ndinaona matuza kuzala zawo. Pamsana anali kale ndi mawanga awiri otuwa, amene tonse tinkati ndi zipere.

Agogo atamva analira ngati pagwa maliro. M'masiku awo wakhate ankamumangira kanyumba kuthengo, kapena kumupititsa kwa amishoni ku Utale, Mua kapena Malamulo, ndipo ambiri sankabwerako. Usiku womwewo mbale ndi chikho cha amayi zinaikidwa pazokha. Kuchitsime amayi anzawo anayamba kudikira kuti iwo atunge achoke. Zimenezi zimandiwawabe mpaka lero.

Koma amayi sanachoke pakhomo. Bungwe la LEPRA, lochokera ku Britain, linayamba ntchito yake kuno m'ma 1960, kuyambira kuchigawo cha kummwera, ndipo njira yake inali yolondola odwala kumene amakhala, pa Land Rover ngakhale panjinga. Wothandiza wa khate wa dera lathu ankafika panjinga pansi pa mtengo wa mango, mphepete mwa msewu. Ndinawaperekeza amayi ulendo woyamba. Anawauza kuti atsinzine, n'kumawakhudza ndi kathonje. "Mayi, lozani pamene ndakukhudzani." Paphewa analoza. Pabanga paja anangoti zii.

Tinachita mwayi kuti mankhwala ophatikiza anali atangofika. Kale anthu ankamwa dapsone yekha kwa zaka zambirimbiri. Amayi ankamwa rifampicin kamodzi pamwezi bamboyo akuona, dapsone tsiku lililonse kunyumba, kwa miyezi 6. Mkodzo utafiira anachita mantha, koma anawatsimikizira kuti ndi mphamvu ya mankhwala. Bambo yemweyo anabwera kwathu, n'kupempha madzi akumwa m'chikho cha amayi chija, agogo akuyang'ana.

Mu 1994 dziko lathu linatsika pansi pa wodwala mmodzi mwa anthu 10,000 alionse, ngakhale khate silinatheretu. Amayi anachira, zala zonse zilipo, kungoti dzanzi la kudzanja lamanja silinachoke. Chifukwa cha ichi, kuyambira mu 1985 muja ntchito yophula miphika inakhala yanga, ndipo madzulo alionse ndinkawayang'ana m'manja ngati muli chilonda tisanagone.