Lachiwiri: kachilumba ka pamphambano

Lero sitinakhale m'situdiyo, chipinda chomwe timaphunziriramo kujambula mapulani a malo. Aphunzitsi anatigawa m'magulu n'kutimwaza mumsewu wa Masauko Chipembere, aliyense ndi tepi yoyezera ndi kope. Gulu lathu latenga kachilumba ka ngodya zitatu, kaja kamatsala pakati msewu wokhotera kumanzere ukapatuka pa msewu waukulu. Ntchito ya temu ino ndi kukajambula mwatsopano kuti kakhale malo a anthu.

Ena amalimbirana raundabauti, poti ndi yaikulu ndipo papepala imakongola. Aphunzitsi anakanitsitsa, ndipo ine ndili nawo limodzi. Ukaika benchi pakati pa raundabauti, waitana munthu kuti awoloke pamene dalaivala maso ali kumanja, kudikira mpata woti alowe. Pamenepo pamayenera kapinga ndi chipilala basi.

Kathu kachilumba n'komvetsa chisoni: udzu wopserera ndi dzuwa la Okutobala, majumbo, chitsulo cha chikwangwani chopindika, simenti ya m'mphepete yogumuka. Koma titaimapo kanthawi tinaona kuti si kosiyidwa monga timaganizira. Pali kanjira kofiira kamene mapazi anapala okha, kodula mopingasa kuchokera pomwe maminibasi amatsitsa anthu. Kunsonga kumaima akabaza a njinga zamoto, chifukwa ali pamenepo amaona kasitomala wochokera mbali zonse. Ndiye pali mayi wogulitsa nthochi ndi mtedza, amene amasuntha beseni lawo pang'onopang'ono kutsata mthunzi wa chikwangwani chotsatsa malonda.

Ndinawafunsa kuti, "Mayi, titati tikonze pano, inu mungafune chiyani?"

Anaseka. "Mthunzi, mwanawe. Koma mukakongoletsa musadzatithamangitse."

Masana tinabwerera kukalasi kukaona zithunzi za ku New York. Mu 2007 anatenga kamalo ka ngodya zitatu pa Pearl Street ku Brooklyn, pomwe ankangoimikapo magalimoto, n'kupakapo penti, kuikapo miphika ya maluwa ndi mipando. Mu 2009, Janette Sadik-Khan ali mkulu woona za misewu mumzindawo, anatseka chigawo cha msewu wa Broadway pamalo otchedwa Times Square n'kumwazapo mipando yotchipa yopinda. Zomanga zokhalitsa, zojambulidwa ndi kampani ya Snøhetta, zinadza pambuyo anthu atasonyeza kale mmene akugwiritsira ntchito malowo. Chandigwira mtima ndi dongosolo limenelo: kuyamba ndi penti, yoti ikalakwika umafufuta, konkire n'kubwera mochedwa.

Mkangano unabuka pamene mnzanga wina anatulutsa pepala lake lokhala ndi kasupe wa madzi pakati ndi maluwa kuzungulira. Chojambula chokongola ndithu, mnyamatayo dzanja ali nalo. Koma kanjira ka mapazi kaja anakakwirira ndi maluwa, ndipo mayi a nthochi mulibe. Aphunzitsi anangofunsa kuti azithirira ndani mwezi uno, kenako anamuuza aloze pomwe mwana wasukulu adzawolokere. Anakhala chete.

Ine ndayamba ndi powolokera. Ndikufuna msewu wokhotawo uchepe m'lifupi kuti galimoto izilowa pang'onopang'ono, powolokera patukuke kufanana ndi chilumba kuti wa njinga ya olumala asavutike, ndipo kanjira kaja ndingokayala njerwa pomwe kali kale. Mtengo ukufunika, koma wa nthambi zoyambira m'mwamba. Zitsamba zofika m'chiuno zimabisa mwana kwa dalaivala. Za madzi a mvula sindinazithetse. Pansi pakuonetsa kuti Januwale akafika madzi amasefukira kuchokera mumsewu n'kudikha pakona ya kumunsi, pomwe ndimati ndiike benchi.

Mawa tikabwererako m'mawa kwambiri kukawerenga anthu owoloka nthawi yopita kuntchito. Makatoni opangira chifanizo sindinapeze, ndikapempha kugolosale ya kwathu.